Kafululidwe ka vinyo wa uchi ndi maapozi pakhomo

Amene anazolowera kufulula masese amadziwa kuti mowa ukapsa lero, mawa anthu asonkhane, chifukwa ukagona masiku usasa. Vinyo wa uchi sayenda choncho. Amafuna miyezi, amafuna chotengera chotseka bwino, ndipo mdani wake wamkulu ndi mpweya womwewo umene masese sauopa. Ambiri oyesa koyamba amataya uchi wodula chifukwa amabwera ndi manja a masese: ndowa yovundikira ndi lichero, mthiko womwe uja wa nsima, kuvundukula tsiku ndi tsiku kuti alawe. Pakatha masabata atatu amapeza viniga.

Chakumwachi n'chakale ndithu. Ku Ethiopia amachitcha tej, Angerezi amati mead, ndipo akasakanizamo madzi a maapozi amati cyser. Kuno kumtunda kwa Dedza ndi Ntcheu tili ndi mwayi umene a kuchigwa alibe. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano nakonso n'kozizira. Yisiti imagwira ntchito yabwino pakati pa madigiri 18 ndi 24, ndipo m'nyumba zambiri za kuno mumakhala motero miyezi yochuluka pa chaka, popanda kugula chipangizo chilichonse.

Muyeso umene tikupereka pano ndi wa malita 5. Musayambe ndi malita 20; mukalakwitsa, uchi wotayika ukhala wochuluka. Mufunika uchi wolemera kilogalamu imodzi ndi magalamu 200, madzi a maapozi malita 2 (amachokera m'maapozi olemera makilogalamu 4 kapena kuposerapo pang'ono), madzi akumwa malita 2 ndi pang'ono, ndimu imodzi, masamba a tiyi supuni yaing'ono imodzi, ndi yisiti. Zokometsera ndi kamtengo kamodzi ka sinamoni kotalika ngati chala, jinja wamuwisi wamkulu ngati chala chachikulu, ndi ma cloves awiri (tizokometsera touma tooneka ngati timisomali ting'onoting'ono). Awiri okha. Muyeso umenewu umatulutsa vinyo wa mphamvu ya 11 kapena 12 peresenti, kuposa kawiri mowa wa m'mabotolo umene umakhala pa 5.

Kusankha uchi

Ngati mulibe sikelo, dziwani kuti uchi umalemera kuposa madzi: lita imodzi ndi kilogalamu imodzi ndi magalamu 400. Botolo la mamililita 500 lodzaza limakhala ndi magalamu 700. Choncho mukufuna botolo limodzi lodzaza, ndi lina lopitirira theka ndithu, mamililita 850 onse pamodzi.

Uchi wa m'nkhalango za tsamba, mombo ndi mtondo umakhala woderapo ndiponso wafungo lamphamvu, ndipo ndiwo umayenda bwino ndi sinamoni ndi jinja. Woyererapo umalola kuti maapozi amveke kwambiri. Onse ndi abwino. Chimene muyenera kuchita musanalipire ndi kutsegula botolo n'kununkhiza. Uchi womveka kusasa, wokhala ndi thovu pakhosi pa botolo, wothamanga ngati madzi mukapendeketsa, unafulidwa njuchi zisanamate zisa ndi phula. Uli ndi madzi opitirira 20 peresenti ndipo wayamba kale kuwira ndi tizilombo take. Usiyeni. Wonunkha utsi kwambiri usiyeninso, chifukwa fungo la udzu wopsa silichoka ngakhale vinyo atakhala chaka. Wina amaufinya pamodzi ndi ana a njuchi, ndipo umaoneka wamatope, ukoma wake umathera ku kuwawa. Koma uchi woundana ngati mchenga ulibe vuto, ndi mmene uchi weniweni umachitira kukazizira. Imikani botolo m'madzi ofunda, usungunuka.

Za uchi wosakaniza ndi shuga wophika, mayeso a machesi ndi odontheza m'madzi amene anthu amawatchula pamsika sadalirika. Njira yodalirika ndi kugula kwa mlimi wa njuchi amene mukudziwa kumene kuli ming'oma yake.

Ziwiya ndi ukhondo

Mufunika ndowa yapulasitiki ya malita 10 yokhala ndi chivundikiro, botolo lalikulu la malita 5 (la madzi akumwa, kapena lagalasi ngati mwalipeza), paipi yoonekera m'kati ngati imene amisiri omanga amayezera levulo, yotalika mamita awiri ndi theka ndipo yatsopano, nsalu yoyera yosefera, fanelo, ndi supuni yaitali yachitsulo chosachita dzimbiri. Paipiyo muidule pawiri: mita imodzi yotulutsira mpweya, yotsalayo yosamutsira vinyo.

Ndowa yamalata ayi. Asidi wa maapozi amadya zinki wokutira malatawo, ndipo zimenezo zimadwalitsa. Poto wa aluminiyamu mungatenthetsemo madzi, koma musasungemo vinyo. Chigubu chimene munakhala mafuta ophikira, palafini kapena mankhwala a kumunda chisayandikire n'komwe. Mafuta amakanirira m'pulasitiki ndipo amanunkhitsa. Mtsuko wadothi ndi mthiko wamtengo zili ndi timabowo tosaoneka mmene mumabisala tizilombo tosasitsa thobwa ndi masese. Tizilombo timeneto kumeneko ndi tothandiza, kuno ndi towononga.

Kutsuka ndi kwina, kupha tizilombo ndi kwina. Yambani ndi sopo ndi madzi, mutsukuluze bwino. Kenako thirani Jik wopanda fungo lowonjezera, supuni yaikulu imodzi m'malita 5 a madzi ozizira, mumize zonse kwa mphindi 20, ndipo madziwo adutsenso m'kati mwa paipi. Pomaliza tsukuluzani kawiri ndi madzi owiritsa amene azizira. Musafupikitse apa: kotsalira kochepa ka Jik kamapatsa vinyo fungo la kuchipatala. Chilichonse chokhudza vinyo kuyambira lero mpaka tsiku lothira m'mabotolo chidutse njira imeneyi, ndi manja omwe asambidwe.

Madzi ofululira, kaya ndi a pamjigo kaya a pampopi, awiritseni dzulo lake n'kuwasiya atavundikiridwa. A pampopi amakhala ndi klorini amene amafooketsa yisiti, ndipo kuwiritsa kumamuchotsa.

Madzi a maapozi

Maapozi otsekemera okhaokha amatulutsa vinyo wozizira m'kamwa, wopanda msana. Sakanizani: magawo awiri otsekemera, monga Anna kapena Golden Delicious, ndi gawo limodzi owawasa monga Granny Smith, obiriwira aja. Ang'onoang'ono, opindika, a zipsera pakhungu ndi abwino ndipo amatsika mtengo. Owola ayi, ngakhale mutadula powolapo, chifukwa chuku chimalowa m'kati kuposa pamene maso akuona.

Atsukeni, muwadule panayi, muchotse pakati pamene pali njere. Njere zikaphwanyika zimawawitsa. Makoko musasende, ndimo muli fungo. Palani ndi chopalira kaloti, kapena gayani ndi makina ngati muli nawo, kenako ikani phalalo m'nsalu pang'onopang'ono, manja awiri pa ulendo, n'kupotokola mwamphamvu pamwamba pa poto. Mukaika lambiri nthawi imodzi, lam'kati silifinyika. Zotsalira zithireni kapu imodzi ya madzi owiritsa, zikhale theka la ola, mufinyenso. Madziwo asanduka ofiirira pamene mukugwira ntchito. Musadandaule, mtunduwo umayera vinyo akamawira. Finyiranimo ndimu ija.

Tsopano atenthetseni pambaula mpaka madigiri 70, akhale pamenepo mphindi 15. Ngati mulibe choyezera, yang'anani nthunzi ikamakwera ndi timathovu ting'onoting'ono tikamaoneka pansi pa poto, koma pamwamba pali bata. Apo phulani pang'ono kapena chepetsani makala. Asabwadamuke. Mukawawiritsa, vinyo amamveka ngati jamu, ndipo amachita chifunga chimene sichikhazikika ngakhale mudikire bwanji, chifukwa cha pectin, kanthu kamene kamalimbitsa jamu.

Juwisi wogula m'sitolo amathekanso, koma werengani papaketi. Akhale wa maapozi 100 peresenti. Mukaona mawu akuti potassium sorbate kapena sodium benzoate, bwezani pashelefu, chifukwa mankhwala amenewo ntchito yake ndi kuletsa yisiti kuchulukana. Ascorbic acid alibe vuto. Juwisi wa m'paketi safunika kutenthetsa.

Kusakaniza

Uchi usaphikidwe. Fungo la maluwa limene mwalipira ndalama limauluka ndi nthunzi. Thirani lita imodzi ya madzi ofunda m'ndowa, ofunda moti chala chikhoza kukhalamo osapsa, muthiremo uchi, mutakase mpaka pansi pasamveke ponata. Ngati muli tizidutswa ta phula, sefani ndi nsalu. Onjezani madzi a maapozi atazizirako, ndi kapu imodzi ya tiyi wakuda bii wopanda shuga, wosefa. Tiyiyo amapereka kakhambi kochepa kamene kamagwira lilime, koti vinyo asamveke ngati madzi a shuga. Dzazani ndi madzi ozizira mpaka pa malita 5. Ndi bwino kuyezeratu malita 5 a madzi m'ndowamo n'kulemba mzere kunja musanayambe.

Kenako takasani mwamphamvu kwa mphindi zisanu, mpaka thovu. Pa masiku oyamba okha ndi pamene mpweya uli bwenzi, chifukwa yisiti imaufuna kuti ichulukane. Amene ali ndi hydrometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa shuga m'zakumwa, ayeze tsopano; iyenera kuonetsa pafupifupi 1.090.

Yisiti ndi chakudya chake

Apa ndi pamene vinyo wa uchi amapambanira kapena kulepherera, ndiye tikhalitsepo. Yisiti ndi chamoyo. Shuga kwa iyo ali ngati nsima, koma imafunanso ndiwo, makamaka nayitrojeni. Chimera ndi mphesa zili ndi ndiwo zimenezo zokwanira, n'chifukwa chake masese amawira okha mosavuta. Uchi ndi nsima yosinkha: shuga pafupifupi 80 peresenti, zina zonse n'zochepa kwambiri. Maapozi amathandizako, koma sakwanira. Yisiti yanjala imagwira ntchito mwaulesi, imanunkhitsa ngati dzira lowola, kenako imaima ntchito ili pakati.

Chakudya chosavuta kupeza ndi yisiti ya buledi yomweyo, yophedwa. Tengani masupuni aang'ono awiri, muwiritse m'theka la kapu ya madzi kwa mphindi 10, zizizire, muthire m'ndowa. Yisiti yamoyo imadya zimene zatuluka mwa yakufayo. Chitani zimenezi katatu: tsiku loyamba, tsiku lachitatu ndi tsiku lachisanu, ulendo uliwonse mukuwiritsa yatsopano. Pa ulendo wachiwiri ndi wachitatu, yambani mwatakasa pang'onopang'ono kuti mpweya wobisala utuluke, apo ayi thovu likwera nthawi imodzi n'kusefukira pansi. Likadutsa tsiku lachisanu musadyetsenso. Chotsala chidzadyedwa ndi tizilombo tina.

Pali amene amathira feteleza mu mowa ati uwire msanga. Musachite zimenezo. Feteleza wa kumunda sanapangidwire m'mimba mwa munthu, ndipo urea akakumana ndi mowa amapanga mankhwala oopsa ku thanzi.

Yisiti yofululira yeniyeni ili mitundu iwiri imene mungasankhe. Ya vinyo, monga Lalvin 71B kapena EC-1118, imabwera m'timapaketi ta magalamu 5 ndipo kamodzi kakwana. 71B imafewetsa kuwawasa kwa maapozi ndipo imafika pa 14 peresenti. EC-1118 ndi yolimba, imapirira kuzizira, imafika mpaka 18, ndipo imadya shuga yense osasiyako. Ngati simunaipeze, ya buledi imagwira: supuni yaing'ono imodzi. Kungoti imatopa msanga, nthawi zambiri cha pa 10 peresenti, imasiya vinyo wotsekemererapo, imachedwa kukhazikika pansi, ndipo miyezi yoyamba kumamveka kafungo ka buledi. Kwa woyamba kumene, zimenezo si zoipa.

Idzutseni musanathire. Theka la kapu ya madzi owiritsa amene afunda ngati thupi la munthu, madigiri 35 mpaka 38, wazani yisiti pamwamba, dikirani mphindi 15. Thiranimo masupuni awiri a zosakaniza za m'ndowa, dikiraninso mphindi zisanu kuti izolowere, kenako khuthulirani m'ndowa. Za m'ndowazo zikhale zitazizira, pansi pa madigiri 28. Vundikirani ndi nsalu yoyera yomanga ndi mphira, chivundikiro muike pamwamba osakanikiza. Tintchentche ting'onoting'ono timene timazungulira nthochi zakupsa ndi timene timanyamula tizilombo ta viniga kumapazi kwake. Kamodzi kokha kakwanira.

Pakati pa maola 12 ndi 48 mudzamva kuti sii mukayandikiza khutu, ndipo thovu lofiirira lidzayala pamwamba. Takasani m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu.

Malo oikapo ndowa

Pakona ya m'nyumba pamene dzuwa silifika, kutali ndi mbaula, pa thabwa osati pa simenti. Mu June ndi July usiku wa kuno umatsika pansi pa madigiri 10, ndipo yisiti, makamaka ya buledi, imagona. Kulungani ndowa m'bulangete, ndipo kukazizira kwambiri tsamiritsani botolo la madzi ofunda m'mbali mwake, m'kati mwa bulangetemo. Musaike pafupi ndi moto kuti mbali imodzi ipse ina ikuzizira. Mu October ndi November vuto limatembenuka, makamaka m'nyumba zamalata zopanda siling'i ndiponso kwa a kuchigwa monga ku Golomoti, Mtakataka ndi Bwanje. Pamwamba pa madigiri 28 yisiti imathamanga, n'kutulutsa vinyo woluma pakhosi ndi wopweteketsa mutu. Kumeneko imikani ndowa m'beseni la madzi, muikute ndi nsalu yonyowa imene nsonga yake ili m'madzimo. Chabwino koposa ndi kufulula m'miyezi yapakati, April ndi May kapena August ndi September.

Kutseka

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi kapena chisanu ndi chiwiri thovu limachepa. Kuyambira apa mpweya ndi mdani. Thirani vinyo m'botolo la malita 5 kudzera pa fanelo, musiye malo okwana zala zinayi pamwamba. Boolani chitsekerero ndi msomali wotentha, bowo lothina moti paipi ilowe mokakamiza, ndipo nsonga yake ithere m'mwamba, isakhudze vinyo. Matani mozungulira ndi phula losungunula. Nsonga inayo ilowe m'kabotolo ka madzi oyera. Mpweya wa kuwira uzituluka kuti bwi, bwi, koma wakunja sungalowe.

Kabotoloko kakhale pansi, kotsika kuposa botolo lalikulu, ndipo madzi ake akhale ochepa, ongomiza nsonga ya paipi. Chifukwa chake n'chakuti usiku kukazizira mpweya wa m'botolo lalikulu umafota n'kuyamba kukoka. Kabotolo kakakhala pamwamba, m'mawa mudzapeza madzi ake onse alowa mu vinyo. Ngati simukuona thovu m'kabotolo pamene vinyo akuoneka kuti akuwira, pali pamene pakutuluka mpweya. Yang'anani phula ndi chitsekerero.

Tsopano musiyeni. Masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, malinga ndi nyengo. Kubwibwita kudzachepa mpaka kutheratu, pansi padzayala nsenga zokhuthala ngati chala, ndipo pamwamba padzayamba kuyera kutsikira m'munsi. Ndi hydrometer, ntchito yatha ikaonetsa 1.000 kapena kutsikirapo. Ndi yisiti ya buledi ikhoza kuima pamwambapo. Chachikulu n'chakuti nambala isasinthe kwa sabata yathunthu. Popanda hydrometer, dikirani masabata awiri kuchokera tsiku limene thovu lomaliza linatuluka, ndipo masiku amenewo akhale ofunda, chifukwa kuzizira kumanamiza.

Kusamutsa ndi kukometsera

Vinyo asakhalitse pa nsenga zoyambazo, amatenga fungo la yisiti yowola. Kwezani botolo patebulo madzulo kuti likhazikike usiku wonse. M'mawa dzazani paipi yaitali ija ndi madzi owiritsa, mutseke nsonga zonse ndi zala, ina muimize mu vinyo pamwamba pa nsenga, ina muitsitse pansi. Madzi oyamba atayikire m'kapu, vinyo akafika lowetsani paipi mpaka pansi pa botolo latsopano kuti asagwe ngati mathithi. Musakoke ndi pakamwa. Nsenga zikayamba kuyenda, imani, ngakhale mtima ukuwawa ndi kotsalako.

Mudzapeza malita anayi ndi theka kapena kucheperapo. Musawasiye m'botolo la malita 5 lokhala ndi mpata waukulu pamwamba. Agaweni m'mabotolo awiri a malita awiri ndi kamodzi kakang'ono, onse odzaza mpaka zala ziwiri kuchokera pa chitsekerero. Zitsekererozo musamange zolimba sabata yoyamba, kapena muzipotokola pang'ono tsiku lililonse kuti mpweya wotsalira utuluke.

Zokometsera zimalowa pano, osati poyamba. Mukaziika pa tsiku loyamba, kuwira kumaulutsa fungo labwino n'kusiya kuwawa, ndipo simungathenso kubweza. Thyolani sinamoni pawiri, sendani jinja n'kumudula mopyapyala, muziviike zonse m'madzi owira kwa mphindi imodzi, kenako mugawe: botolo lililonse la malita awiri lilandire theka la sinamoni, theka la jinja ndi clove mmodzi. Kabotolo kakang'ono kasiyeni kopanda kanthu, kadzakuthandizani kufananiza ndi kusungunulira ngati mwapyola. Zaufa musagwiritse ntchito. Sinamoni waufa amachita nandanda pansi ndipo sungamuchotse ukafuna.

Lawani supuni imodzi pa tsiku lachitatu. Clove ndi amene amathamanga. Akapitirira masiku asanu vinyo amamveka ngati mankhwala a dzino, ndipo lilime limachita dzanzi. Kuti musavutike kumuvuula, mmangeni ku ulusi woyera umene nsonga yake yatsalira kunja. Jinja ndi sinamoni akhoza kukhala masiku 7 mpaka 10. Chotsani pamene mukumva kuti kwatsala pang'ono kuti zikwane. Uchi ndi maapozi ndiwo eni nyumba, zokometsera ndi alendo.

Zikavuta

Maola 48 akadutsa popanda chizindikiro, kawirikawiri ndi yisiti yakale, kuzizira, kapena munaithira zinthu zikadali zotentha. Yesani yisitiyo m'madzi ofunda a shuga. Ikapanda kufufuma pa mphindi 15, gulani ina. Fundikani ndowa, muthire yatsopano.

Akaima msanga akadali wotsekemera ngati sobo, yambani ndi kutentha: musunthireni pofunda, mugwedeze botolo kuti yisiti ya pansi idzuke. Masiku atatu akapita osasintha, dzutsani yisiti ina m'kapu, muziwonjezamo vinyoyo pang'onopang'ono maola angapo alionse mpaka ifike lita imodzi ikuwira, kenako muibwezere m'botolo. Kuwaza yisiti youma mwachindunji mu vinyo amene ali kale ndi mowa kumangoipha.

Fungo la dzira lowola m'masiku asanu oyamba ndi njala ya yisiti. Takasani mwamphamvu, mudyetse. Likabwera mochedwa, samutsani vinyo kumuchotsa pa nsenga, ulendo uno mukumulola agwe kuchokera pamwamba pang'ono kuti fungolo liuluke. Mukalichedwera limakhazikika n'kukhala ngati la mphira wopsa, ndipo limenelo silichoka.

Kakhungu koyera kopyapyala pamwamba ndi chizindikiro chakuti mpweya ukulowa. Samutsani kuchokera pansi pake, mudzaze botolo, mumwe msanga. Koma chuku chaubweya, chobiriwira kapena chakuda, tayani zonse. Akasasa ngati viniga palibe chobweza. Mvundikireni ndi nsalu kwa mwezi umodzi kapena iwiri asanduke viniga weniweni wothira m'kachumbali, koma achoke m'chipinda chofululira, ndipo botolo ndi paipi zake zisagwirenso ntchito ya vinyo.

Kuluma pakhosi ngati kachasu pamene vinyo ali wamng'ono si vuto lalikulu, kumafewa ndi miyezi. Chifunga chokana kuyera nthawi zambiri chimagonja kwa kuzizira: mausiku a mu June pakhonde, kapena masiku anayi m'firiji.

Kuthira m'mabotolo

Mukachotsa zokometsera, dikirani mwezi umodzi kapena iwiri mpaka muthe kuwerenga zilembo za nyuzipepala kudzera m'botolo. Samutsaninso ndi paipi kulowetsa m'mabotolo agalasi otsuka bwino, okhala ndi zitsekerero zogwira, chifukwa pulasitiki imalowetsa mpweya pang'onopang'ono ikakhala miyezi yambiri. Botolo limodzi lokha likhale lapulasitiki, la zakumwa za gasi, ngati mlonda. Muzilifinya sabata iliyonse. Likalimba ngati mwala, ndiye kuti vinyo akuwirabe, ndipo agalasi aja atsegulidwe msanga, mutawakuta ndi thaulo, nkhope ili kumbali. Botolo lagalasi lophulika limavulaza koopsa.

N'chifukwa chake musathire uchi wina m'botolo pofuna kutsekemeretsa. Yisiti imaoneka ngati yafa koma yangogona, ndipo ikapeza shuga, kutentha kwa October kumaidzutsa. Ngati vinyo watuluka wouma kwambiri kwa inu, sungunulani uchi ndi madzi ofunda muyeso wofanana, muzithira supuni yaing'ono imodzi m'tambula pa nthawi yakumwa.

Lembani tsiku pa botolo lililonse, musunge pamdima pozizira. Pa miyezi itatu kuchokera tsiku lofulula amamweka. Pa miyezi isanu ndi umodzi uchi umene unabisala umabwereranso m'mphuno, ndipo jinja amasiya kulusa. Vinyoyu amanyenga chifukwa amatsika mofewa, choncho tambula yaing'ono ndiyo muyeso wake. Si wa ana osakwana zaka 18, amayi oyembekezera, kapena munthu amene akuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto. Musamutcheze kuti akhale kachasu, ndipo amene akufuna kugulitsa ayambe wapita ku khonsolo kukafunsa za chilolezo.

Nyengo ya mapichesi ikafika kumapeto kwa chaka, muyeso womwewu umagwira. M'malo mwa madzi a maapozi, tengani mapichesi akupsa makilogalamu awiri, muchotse nthanga zake, muwaphwanye ndi manja, muwatenthetse ngati mmene tachitira ndi maapozi, muwamange m'kathumba ka nsalu n'kuwamiza m'ndowa. Uchi muwonjezere kufika kilogalamu imodzi ndi theka, chifukwa mapichesi sabweretsa shuga wochuluka. Kathumbako muzikamiza kawiri pa tsiku kuti pamwamba pake pasaume n'kuchita chuku, ndipo pa tsiku lachisanu kavuuleni, kadonthe kokha osafinya. Clove musaikemo, pichesi amagwirizana ndi jinja yekha.